Ulusi wa Njati ndi Maso a Boma

"Tsiku limene chinthu chokhala ndi chidindo changa chidzachititse wogula manyazi, ine Baziliyo Kankhwani ndidzayenda chafutambuyo kuchokera pamapazi a mfumu mpaka kumsika! Atolankhani, lembani zimenezo!"

Anatero Olemekezeka a Nduna Yoteteza Ogula mu Ufumu wa Zilibwino, akudziguguda pachifuwa mpaka mamendulo kulira ngati belu la pakhosi pa ng'ombe. Anthu anawomba m'manja. Paja ku Zilibwino kuwomba m'manja sikutanthauza kuti wagwirizana nazo ayi. Ndi njira yongoonetsera asilikali kuti m'manjamo mulibe mwala.

Zilibwino ndi dziko limene zinthu sizinaipepo chiyambire, chifukwa mawu oti "zaipa" analetsedwa kalekale. Mfumu yake ndi Khalapompo Wachitatu, ndipo ulemu wa kumeneko ndi wa m'mawondo. Munthu waudindo akafika pamaso pa mfumu sagwada ngati ali m'tchalitchi. Amanyonyomala, manja ali m'mwamba, ndipo amene wafika pansi kuposa anzake ndiye amakwezedwa pantchito. A Kankhwani sukulu sanapite nayo patali, koma Namalenga anawadalitsa ndi mawondo ofewa ngati a chule. Anayamba ali mesenjala. Ananyonyomala n'kukhala kalaliki, ananyonyomalanso n'kukhala bwanamkubwa, ndipo pofika chaka chimene tikunenachi mimba inali itatsogola kwambiri, koma mawondo anali akugwirabe ntchito.

Ntchito yoteteza ogula anaigwira ndi mtima wonse. Anasemetsa chidindo chachikulu ngati chibakera, cholembedwa kuti NZABWINO, n'kulamula kuti chilichonse chogulitsidwa mu ufumumo chidindidwe. Chinthu chikadindidwa ndiye kuti ndi chabwino basi, ngakhale chikhale chikununkha. Anadinda sopo wosachita thovu. Anadinda machesi oopa moto. Anadinda maambulera amene mwini wake ankayenera kuwabisa m'malaya mvula ikayamba. Mazira okha ndiwo anavutako pang'ono.

Kenako a Nduna anaona kuti ogula akuzunzika ndi kusankha. Munthu ankalowa m'sitolo, kupeza ulusi wa mitundu isanu, mutu n'kuyamba kumuwawa. Pofuna kumuteteza ku mutu umenewu, analetsa ulusi wonse wochokera kunja n'kusiya umodzi wokha: ulusi wa Njati, wopangidwa ndi kampani ya Chikwatu ndi Ana Ake. Zoti a Gelesomu Chikwatu ndi mlamu wake wa mfumu zinangochitika mwangozi, monga momwe mbuzi imapezekera mwangozi m'munda wa chimanga.

Ulusi wa Njati unali wosalala, wonyezimira, ndipo pa kapepala kake panali chithunzi cha njati yolusa ikupalasa fumbi. Vuto lake linali limodzi lokha: unkaduka. Ukaukoka unkaduka, ukauchapa unkaduka, ndipo ena amati ngakhale kungoutchula dzina mokweza unkaduka.

Pa msika wa Gulaupite, pakhonde la sitolo ya zitsulo, pankakhala telala wina, mayi Dolofe Nangozo. Anthu ankangoti Anangozo. Anali atasoka pakhondepo zaka makumi awiri ndi ziwiri pa makina amodzi omwewo, akuda, opalasa ndi mapazi. Makina amenewo ndiwo anaphunzitsa ana awo anayi, kufoletsa nyumba malata, ndi kuika amuna awo m'manda mwaulemu. Pafupi nawo pankakhala a Zakeyu osoka nsapato, amene nkhani ya Njati sinkawakhudza chifukwa ulusi wawo ankausolola m'matayala akutha. Ntchito yeniyeni ya a Zakeyu inali kuyankha zimene sanafunsidwe. Nsapato ankasoka panthawi yopuma.

Matelala onse a pamsikapo khalidwe la Njati ankalidziwa. Ankangosoka msoko uliwonse katatu, n'kupemphera. Kwa munthu woyenda bwinobwino zinkagwira. Koma tsiku lina Anangozo anasoka suti ya ukwati ya a Witinesi, kalaliki wa pachigayo. Anasoka katatu, kupemphera anapempheranso. Pa perekaniperekani nyimbo itakoma, mkwati anatsika nayo mpaka pansi kuti apongozi aone kuti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu wamphamvu. Apongozi anaona zambiri kuposa zimene anaitanidwira.

Lolemba m'mawa a Witinesi anatulukira pakhonde, thalauza ili m'jumbo.

"Anangozo, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka ndili pakamwa pa mudzi wonse! Azakhali a mkazi wanga akandiona akumayang'ana kumwamba n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'buku. Mkazi wanga akayamba kuseka sasiya mpaka kukamwa madzi."

A Zakeyu anaitambasula thalauzayo n'kusuzumira pachibowo ngati pazenera. "Komatu mpweya unkalowa bwino, achimwene. M'maholo mujatu mumatentha."

Anangozo sanaseke. Dzina la telala limakhala pamsoko, ndipo lawo linali litang'ambika pamaso pa anthu mazana atatu ndi wojambula zithunzi. Anasonkhanitsa ulusi wotsala ulendo wa ku sitolo ya Chikwatu. Kumeneko wogulitsa anangoloza chikwangwani ndi cholembera: KATUNDU AKATULUKA SABWERERA. Anapita ku ofesi ya a Nduna. Kumeneko anawauza kuti dandaulo limalembedwa pa fomu yapadera, ndipo fomuyo imagulitsidwa ku sitolo ya Chikwatu. Anabwerera kukagula fomu. Cholembera chitangoikhudza, fomu inabooka. Anati aibweze; wogulitsa analozanso chikwangwani chija.

"Zisiyeni, mayi," anatero a Zakeyu atamva. "Mukufuna kukhala nkhuku yokasumira mphamba kwa kabawi?"

"Ndikasuma basi," anatero Anangozo. "Kaya andidya, andidye ndikulankhula."

Khoti la Madandaulo a Ogula linali ndi woweruza mmodzi, a Jaji Tsinzinani, munthu amene sanaonepo choipa m'moyo mwake chifukwa milandu ankaimva atatseka maso. Iwo ankati amatero kuti chilungamo chisayang'ane nkhope. Akalaliki a m'khotimo ankati nthawi zina chilungamocho chinkachita mkonono.

Anangozo anaika thalauza ya a Witinesi patebulo n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane. Kenako anatenga ulusi wa Njati, anaukulunga pa zala ziwiri, n'kukoka pang'ono ngati akuchotsa tsitsi pa malaya. Thapu! Khoti lonse linamva. A Jaji anali chitsinzinire.

Loya wa a Chikwatu anadzuka pang'onopang'ono, akukonza mkanjo.

"Mayi, ulusiwu anagula ndani?"

"Ine."

"Nanga inuyo munang'ambikiridwa?"

"Ine ndimavala chitenje, bambo."

"Zikomo. A Witinesi, taimani. Inu munang'ambikiridwa?"

"Kwambiri."

"Ulusi munagula?"

"Ayi, ine ndinagula suti."

Loya anatambasula manja ngati mlaliki. "Olemekezeka, mwadzimvera nokha. Amene anagula sanang'ambikiridwe. Amene anang'ambikiridwa sanagule. Wogula wovulalayo ali kuti m'khoti muno? Tikuteteza ndani?"

"Mfundo," anatero a Jaji, maso ali chitsekere.

Loya sanathere pomwepo. Anatulutsa galasi lokulitsira zinthu, n'kuliika pa kapepala ka ulusi, pansi penipeni pa chiboda cha njati, pamene aliyense ankayesa kuti ndi fumbi. "Pano palembedwa kuti, 'Ulusiwu ndi wa zovala za anthu oima chilili.' A Witinesi, munali chilili?"

"Ndinkavina."

"Motsika?"

"Nyimbo yake inafuna choncho."

"Ndiye kasumireni oimba, bambo. Njati yalakwa chiyani?"

Ku mabenchi a kumbuyo kunamveka mawu a a Zakeyu. "Nanga ife osoka nsapato, amene timagwira ntchito chokhala, tiziyenda osavala?"

"Chete m'khoti!" anakuwa mesenjala, koma iyenso anagwira kumbuyo kwa thalauza yake kuti atsimikize.

Mboni yomaliza anali a Nduna eni ake. Analowa ndi chidindo chija chitanyamulidwa pa pilo. "Ulusi uwu ndinaudinda ndekha ndi dzanja ili," anatero. "Kunena kuti ndi woipa ndi kunena kuti dzanja la boma linanama. Ndipo ndamva kuti mayiyu amasoka msoko umodzi katatu. Katatu! Akuuza chiyani anthu? Si ndiye kunyoza kumeneko? Ndinanena kale ndipo ndikubwereza: tsiku limene chidindo changa chidzachititse munthu manyazi, mudzandiona ndikuyenda chafutambuyo mpaka kumsika!"

A Chikwatu atamva za kusoka katatu anatsokomola mwamphamvu, pakuti kusoka katatuko ndiko kunkathetsa ulusi msanga m'masitolo mwawo. Anatumiza kapepala kwa a Jaji. A Jaji anakawerenga ndi diso limodzi.

Mlandu unaimitsidwa kanayi. Koyamba a Jaji anali kumaliro. Kachiwiri fayilo inadyedwa ndi chiswe. Kachitatu chiswecho chinali chisanamalize. Kachinayi thalauza ya umboni inasowa, n'kudzapezeka itavalidwa ndi mlonda wa pakhoti, atasoka ndi waya. Patatha miyezi itatu chigamulo chinatuluka. Kuwerenga kwake kunatenga maola awiri, koma mafupa ake ndi awa.

Khoti linapeza kuti mu Zilibwino mulibe wogula amene anavulala. Linapeza kuti kuvina motsika ndi kugwiritsa ntchito thalauza molakwika. Linapezanso kuti Anangozo ananyoza katundu wodindidwa, choncho kuyambira tsikulo aletsedwa kusoka msoko kawiri kapena katatu. Azisoka kamodzi kokha, posonyeza chikhulupiriro. Matelala ena apitirize kusoka katatu kuti malonda a dziko ayende.

"Ndipo chachikulu ndi ichi," anatero a Jaji. "Chilema cha katundu chimene maso a boma sanachione si chilema. Ndi mphekesera."

"Bwana, ndinadula ulusi pamaso panu pompano," anatero Anangozo.

"Ndinamva kaphokoso. Khoti siligamula ndi makutu, mayi. Koma poti khoti lino ndi lachifundo, likukupatsani mpaka Tsiku la Ogula, dzuwa lisanafike paliwombo. Ulusi wa Njati uduke pachovala, munthu atavala, maso a boma akuona. Zikatero, mlandu mwawina. Zikakanika, makina anuwo apita kwa a Chikwatu, akapukutire misozi ya njati yawo."

Anangozo anabwerera kukhonde. Anakhala pampando n'kumangosisita makina awo ngati munthu wosisita ng'ombe imene mawa ikupita kwa ogula nyama. Tsiku la Ogula linali patsogolo ndi milungu itatu.

Maso a boma pamsika wa Gulaupite anali a woyendera katundu, bambo wina wovala magalasi akuda. Anangozo anayamba apempha a Witinesi kuti akanyonyomale pamaso pake.

"Ine? Kamodzi kaja kanakwana, mayi. Banja langa likuchira kumene."

A Zakeyu ndiwo anadzipereka. "Ine manyazi anandithera m'chaka cha njala. Sokani, ndivale."

Tsiku loyamba woyendera katundu anali kusemina yophunzira kuona. Tsiku lachiwiri anabwera, anaima bwinobwino, a Zakeyu n'kunyonyomala. Thalauza inalira mpaka agalu a kuseri kwa msika kuuwa.

"Mwaona, bwana?"

"Pepani, ndinaphethira. Tabwerezani."

"Ndibwereze ndi chiyani, bwana? Yatha iyi."

Anangozo anasoka ina. Tsiku lachitatu anachenjera: anauza amayi awiri ogulitsa tomato kuti aziyang'anitsitsa zikope za bwanayo, ndipo anamupempha kuti avule magalasi. A Zakeyu anatsika, thalauza inachita zake, bwana maso ali tong'o.

"Lero ndiye mwaona!"

Woyendera katundu anayang'ana wotchi. "Ndaona, inde. Koma ino ndi nthawi ya nkhomaliro, mayi. Panthawi ya nkhomaliro masowa ndi anga, si a boma."

"Kagwereni uko," anatero mmodzi wa amayi a tomato, koma ananena akuwomba m'manja.

Kutatsala mlungu umodzi, a Nduna analengeza pa wailesi kuti pa Tsiku la Ogula akuluakulu onse a boma adzavala masuti obiriwira osokedwa ndi ulusi wa Njati, kuti akazitape ndi olalata achite manyazi. Panali chifukwa china chimene sanalengeze. Mpando wa Nduna Yaikulu unali wopanda munthu, mwini wake atathyoka bondo ali pantchito, ndipo aliyense ankadziwa kuti mfumu idzasankha pa tsikulo poona manyonyomalidwe.

Atatuluka ku wailesi, a Nduna anakokera a Chikwatu pambali. Nkhani za pambali ku Zilibwino zimafika kumsika zisanazizire, n'chifukwa chake zikudziwika.

"Alamu a mfumu," ananong'ona, "mwamva zimene ndauza anthu. Komatu inu ndi ine ndife akuluakulu. Masutiwo muitanitse kunja monga mwa nthawi zonse. Mungomata kanjati pakolala."

"Musade nkhawa, bwana," anatero a Chikwatu, dzanja lili pamtima. "Ine ndingakupusitseni inu?"

Koma munthu amene wazolowera kupusitsa dziko lonse saleka chifukwa choti wakumana ndi mnzake. Fisi akapeza fupa safunsa kuti mwini wake anali wa mtundu wanji. A Chikwatu anakhala pansi n'kulingalira: kunja n'kutali, masuti a kumeneko ndi odula, ndipo matelala a pakhonde akungowodzera. Mawa lake lole yodzaza nsalu yobiriwira inaima pamsika wa Gulaupite. Majekete anagawira matelala ena. Kapitawo wa kampani anafika kwa Anangozo n'kuponya mtolo pakhonde.

"Mathalauza khumi ndi awiri, mayi. Pofika Lachisanu."

"Ine? Amene ndinanyoza njati?"

"Makinawo Loweruka akhala athu. Bwana akuti tiwayeseretu."

Anangozo anatenga kapepala ka miyeso. Woyamba pamndandanda: m'chiuno mainchesi makumi asanu ndi anayi, miyendo yaifupi ngati ya mpando wa m'khichini. Mu Zilibwino monse munali chiuno chimodzi chokha choterocho.

"Iyi ndi ya a Nduna."

"Ine sindinanene zimenezo."

"Bambo, munthu ameneyu amadyera kunyonyomala. Ndiloleni ndisoke katatu, chonde. Ngakhale kawiri kokha."

Kapitawo anapisa m'thumba, anatulutsa chigamulo cha khoti n'kuchitambasula pamakina. "Kamodzi, mayi. Zalembedwa apa. Munanyoza njati, tsopano mukufuna munyozenso khoti?"

Lole itachoka, Anangozo anatembenukira kwa a Zakeyu. "Zaka zonsezi," anatero, "sindinamuvulepo munthu dala."

"Simukumuvula ndinu, mayi," anatero a Zakeyu akusolola ulusi m'tayala. "Likumuvula ndi lamulo. Inu mungokhala nzika yomvera. Munachenjeza, ine ndi mboni. N'kangati munthu wosauka amapeza mwayi womvera lamulo mokoma chonchi?"

Anangozo anapukusa mutu, koma analowetsa ulusi pasingano. Ndipo kunena zoona, mathalauza amene anasoka mlungu umenewo anali okongola kuposa onse amene anasokapo. Msoko wowongoka ngati njanji, mapindiro osalala, matumba ogona bwino. Msoko uliwonse kamodzi, monga mwa chigamulo.

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Mwambo unali pa Bwalo la Tithokoze, limene linayang'anizana ndi msika, pakati pali msewu wokha. M'mamawa amesenjala awiri a khoti anafika pakhonde ndi wilibala n'kukwezapo makina.

"Dzuwa silinafike paliwombo," anatero Anangozo.

"Tikungofupikitsa ulendo, mayi. Kapena mukuganiza kuti boma liona lero zimene silinaone chaka chonse?"

Koma msewu unali utatsekedwa chifukwa cha mwambo, choncho wilibala inakaima pachingwe chotchingira anthu wamba, kumbuyo kwenikweni kwa akuluakulu. Anangozo anaima pambali pake, dzanja lili pamakina. A Zakeyu anabwera ndi kampando kawo ndi nzimbe.

Akuluakulu anafika akuwala ngati munda wa fodya. A Nduna anasisita ntchafu ya thalauza yawo n'kunong'oneza a Jaji Tsinzinani, "Za kunja zimadziwika ndi kagwiridwe, a Jaji. Tamverani kusalala."

"Mmisiri wake ndi wa kutsidya kwa nyanja ameneyu," anavomereza a Jaji. "Kuno angathe ndani?"

Panali magule, panali ndakatulo yotamanda chidindo, panali mphoto ya Wogula Wabwino wa Chaka imene inapita kwa bambo wina amene anagula njinga yopanda mabuleki ndipo sanadandaule, makamaka chifukwa nsagwada zinali zomangidwa. Kenako a Nduna anaima pa maikolofoni.

"Mbuye wanga Mfumu, anthu a Zilibwino! Kuli mayi wina mu ufumu muno amene amati ulusi wa Njati umaduka. Ndikuuzani lero: suti ndavalayi, kuyambira pakolala mpaka kumapazi, yasokedwa ndi Njati!"

Aka kanali koyamba m'moyo wawo kunena zoona pagulu, ndipo iwo sankadziwa.

Mthunzi wa mtengo wa mbendera unali utafupika, kutsala ngati phazi limodzi. Mesenjala wamkulu anagwira zogwirira za wilibala. Anangozo anatseka maso n'kuyamba kuyendetsa milomo.

Ng'oma ya ulemu inalira. Akuluakulu khumi ndi awiri anandandalika pamzere monga mwa maudindo awo, a Nduna patsogolo, atanyamula pamwamba ulusi wa Njati wokutidwa ndi pepala lagolide, mphatso ya mfumu. Kumbuyo kwawo kwenikweni, mphuno kutsala pang'ono kugunda jekete, kunali a Jaji. Tsono ku Zilibwino kutsinzina pamaso pa mfumu ndi mlandu woukira, choncho kamodzi pachaka, pa tsiku ngati limeneli, a Jaji Tsinzinani maso ankakhala ali tong'o ngati a kadzidzi.

A Nduna anayamba kutsika. Woyendetsa zokuzira mawu anatsika nawo limodzi ndi maikolofoni kuti mawu otamanda mfumu asatayike. Anadutsa pamene amalekezera akalaliki. Anadutsa pamene amalekezera abwanamkubwa. Anafika pamene amalekezera nduna wamba, anapuma pang'ono, anaganiza za mpando wopanda munthu uja, n'kutsikanso.

Tsweeeee!

Zokuzira mawu zinayi zinalitenga phokosolo n'kukalitula mpaka kuchigayo. Linayamba ngati munthu akung'amba thumba la feteleza, linapuma, kenako linamalizitsa. Nkhunda zinauluka padenga la msika. Palibe anawomba m'manja. Aliyense anali atagwira pakamwa.

Mfumu Khalapompo, imene inkaona nkhope ya a Nduna yokha, inasuzumira. "Chalira n'chiyani? A Jaji, inu muli kumbuyoko. Mwaona chiyani?"

Kunama m'khoti ndi ntchito, koma kunamiza mfumu pamaso ndi nkhani ya chingwe. Maikolofoni inali itafika kale pakamwa pawo.

"Ndaona, Mbuye wanga."

"Mwaona chiyani?"

"Zonse, Mbuye wanga. Za mizeremizere." Ndipo pofuna kupepesa chifukwa cha mawu oterowo pamaso pa mfumu, a Jaji anatsikanso pang'ono.

Tswee!

Wachitatu anadzidzimuka, yake inayankha. Wachinayi anati adzuke msanga, mochedwa. Zinayenda pamzere wonse mpaka kwa wa khumi ndi chiwiri, ngati mfuti zaulemu pa maliro a msilikali.

"Boma laona!" anakuwa mayi wa tomato uja. "Si nthawi ya nkhomaliro ino! Boma laona!"

Mesenjala wamkulu anayang'ana mtengo wa mbendera. Kamthunzi kanali kakadalipo, kotalika ngati chala. Anayang'ana mnzake, onse awiri ananyamula makina mosamala n'kuwatsitsa pamapazi a Anangozo.

"Pepani mayi," anatero wamkuluyo. "Mukamasuka, inenso ndili nayo ina kunyumba yofunika kuiona."

Kutsogolo kuja a Nduna anali atadzuka, manja onse awiri ali kumbuyo, koma manja awiri pa chiuno cha mainchesi makumi asanu ndi anayi ndi ngati tsamba la bonongwe pa denga lodontha. Anasakasaka a Chikwatu ndi maso. Pampando wa alamu a mfumu panali chipewa chokha. Kutembenuka kuti athawe sakanatha, chifukwa ndiye kuti kabudula wamkati wa mizeremizere uja akanalunjika kwa mfumu. Anaponya phazi limodzi m'mbuyo, akumwetulira mfumu. Anaponyanso lina. Anadutsa a Jaji, anatsika masitepe, anadutsa oimba ng'oma, anafika pachingwe, nkhope ili kwa mfumu, umboni uli kutsogolo kwa ulendo.

A Zakeyu analavula chikhakha cha nzimbe, anadzuka, anakweza chingwe m'mwamba ndi ulemu wonse.

"Patukani, anthu inu, patukani! Njira ya kumsika ikhale yoyera. A Nduna akusunga lonjezo."